Mchenga pa Njanji za Ankolo Orton

"Bwerezani! Bwerezani, anthu onsewa amve bwino!"

"Ndanena kale kawiri, Che Ismael. Injini yanga ili kwanu. Ngati simunaisungunule, kaitengeni."

"Ine? Wallahi, bambo Mhango, zaka khumi ndi zinayi tikumwa madzi a pampopi umodzi, lero mukunditchula wakuba pakati pa msewu?"

"Loweruka munati chiyani m'shedi mwanga? Simunati mkuwa wonsewu ungamate mapoto a Bangwe yense?"

"Zinali zocheza!"

"Zocheza zanuzo zachotsa loko pachitseko changa."

Linali Lolemba m'mawa, dzuwa lisanapse, koma msewu wathu unali utadzaza kale ngati pafika galimoto ya shuga wotchipa. Ankolo Orton Mhango, alongo awo a mayi anga, anaima pageti atavala jekete ndi masilipasi. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yokonza mainjini a sitima ku Limbe, ndipo chibwerereni ine kudzakhala nawo podikira zotsatira za Fomu Folo, ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Kutsidya kwa ngalande kunaima Che Ismael, mmisiri wa malata, amene amakhoma mbaula ndi ndowa pakhonde la nyumba yawo ya lendi. M'manja anali ndi nyundo, osati yomenyera munthu. Anangoiwala kuiika pansi.

Anyamata a kabaza anali atazimitsa njinga zawo. Wina anati, "Kasecheni m'nyumbamo basi." Wina kumbuyo anati, "Ogula mkuwawa ndi amene akutimalizira mawaya." Ndinaona mmodzi akuwerama kutola theka la njerwa.

Pakhomo pa Che Ismael panaima Hidaya, mwana wawo wamkazi, atagwira mpango wake pachibwano. Ndinali nditamulembera ndakatulo zisanu ndi ziwiri, osamupatsa ndi imodzi yomwe.

"Amene watola njerwayo akamangire chimbudzi kwawo!"

Anthu anapatuka. Anali Mayi Zelipa, apampando a komiti ya chitetezo cha m'dera lathu, amene kale anali kalaliki wa ku khoti. Ndi mayi wamfupi, sasiya ambulera ngakhale mu Okotobala, ndipo sayankhula mothamanga.

"Palibe akhudze munthu pano," anatero. "Bambo Mhango, mundipatse mpaka folo koloko. Ikakwana ndisanapeze china, Che Ismael ndiwaperekeza ndekha ku polisi, mukakambe komweko. Mwavomera?"

Ankolo anagwedeza mutu. Che Ismael anayang'ana pansi ngati nthaka ingatseguke.

"Iwe wa Fomu Folo," anandiloza ndi ambulera. "Jerome, eti? Maso anga atha. Tenga kope ndi bolopeni, uzilemba zimene anthu azinena. Usawonjezere, usachotsere."

Ndinalowa m'chipinda changa kukatenga kope. Ndinagwada kuti ndilisolole, bondo langa nkugunda bokosi langa lachitsulo la ku sukulu yogonera, limene linali pansi pa bedi. Linali lolemera kuposa masiku onse. Injini ya ankolo inali m'menemo.

* * *

Tinayambira m'shedi, kuseri kwa nyumba.

"Ndiuzeni chimene chabedwa," anatero Mayi Zelipa. "Anthu akuti chidole cha sitima."

"Si chidole, mayi!" Ankolo anawongoka. "Ndi injini ya nthunzi yeniyeni, kungoti yaing'ono. Kutalika ngati mkono wanu ndi theka, kulemera ngati ndowa ya madzi. Ndaipanga ndekha zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi mkuwa wa mipopi yakale ndi zitsulo zotola. Mapulani ake anandisiyira kapitawo wina wachizungu ndili mnyamata wophunzira ntchito."

"Ili ndi dzina?"

Ndinadziwa kuti zayambika. M'dera lathu anthu akaona ankolo akuyamba nkhani imeneyi amakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya nyemba pamoto. Ine ndekha ndi amene ndinkakhala, chifukwa ndikamamva ndinkadziona ndili pa injini, mphepo ikundimenya, ndikuchoka ku Bangwe kupita kumene kulibe fumbi.

"Stirling Single, nambala wani," anatero ankolo. "Yeniyeniyo inatuluka m'wekishopu ya ku Doncaster, ku Mangalande, mu 1870. Anaijambula ndi mkulu wina wa ku Scotland, Patrick Stirling. Iye anati wilo lokoka likhale limodzi mbali ino, limodzi mbali inayo, koma lalikulu, mafiti eyiti ndi inchi imodzi. Inu mutaima pambali pake, ndi ambulera yanuyo mutaikweza, mwina nkulingana nalo. Wilo lalikulu likazungulira kamodzi lapita kutali. Ndiye zinkakoka sitima za anthu zothamanga kuchoka ku London kulowera ku York. Anapanga 53. Mu 1895 kunali mpikisano wofika msanga ku Scotland, ndipo zinathamanga nawo, mayi, zinathamanga!"

"Nanga zinathera kuti?"

"Mabogi anayamba kulemera, ena okhala ndi modyera momwe. Wilo limodzi linayamba kulephera. Pofika 1916 zonse zinali zitapuma. Anaziphwanya, nkusiya imodzi yokha, nambala wani, ili m'nyumba yosungira zakale ku York. Vuto lake kuyambira kale linali kuterereka. Njanji ikanyowa kapena ikakhala ndi mafuta, wilo limangozungulira pamodzimodzi, sitima osasuntha. Ndiye ankathira mchenga wouma panjanji kuti ligwire."

"Lemba, Jerome."

"Zonsezi, mayi?"

"Ndinati usachotsere."

Mayi Zelipa anali akuyendayenda m'shedimo. Anagwira timitengo ta mkuwa timene tinali pashelefu, anayi kapena asanu. Anatsegula kabokosi ka zoyezera. Anayang'ana makina obowolera.

"Izi zonse zilipo monga munazisiyira?"

"Zilipo."

"Wakuba wofuna mkuwa wasiya mkuwa. Chabwino." Anapita pachitseko. Loko anali adakali wokhoma, akulendewera pachitsulo chake. Chitsulocho ndi chimene chinachotsedwa pafelemu. "Sanathyole. Anamasula. Masikuruwu ake ali kuti?"

Ankolo anayang'ana pansi pakhomo. Panalibe. Mayi Zelipa anatembenuka, nkuloza pawindo ndi nsonga ya ambulera. Pamenepo panali chivindikiro cha chitini cha polishi, ndipo m'katimo munali masikuruwu anayi, atagona bwinobwino ngati ana a nkhuku.

Sindinkakumbukira nkomwe kuti ndinachita zimenezo. Lamulo loyamba la ankolo m'shedimo ndi lakuti sikuruwu siikidwa pansi, imaikidwa m'chivindikiro. Manja anga anamvera lamulolo ine mwini ndili kwina.

"Wakuba waulemu," anatero Mayi Zelipa. "Munaiyatsapo injiniyo, bambo Mhango?"

"Ayi. Sinathe."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri, sinathe?"

"Pali tinthu tina tosafunika kuthamangira," anayankha ankolo, akuyang'ana kumbali. Ine ndinkadziwa kuti panalibe kanthu kotsala. Ankangoipukuta Loweruka lililonse nkuiphimbanso ndi nsalu.

Tinatuluka. M'mphepete mwa mpanda wa njerwa ankolo anali atayalamo kale njanji zazing'ono pamatabwa, masitepe khumi ndi awiri kutalika kwake, zimene zinali zisanapondedwepo ndi wilo. Ankolo anatsala pakhomo la shedi akusisita chitsulo cha loko. Mayi Zelipa anawerama pamene njanjizo zayambira, anapititsa chala pamwamba pake, nkuchiyang'ana. Anatikita chalacho ndi chinzake pafupi ndi khutu, ngati akumvetsera.

Anangopukuta chalacho pachitenje nkundiyang'ana ine.

"Dzulo unali kuti, Jerome?"

"Ndinagona, mayi. Mutu unkandipweteka. Ndi chifukwa chake sindinapite kutchalitchi ndi ankolo."

"Sunamve kanthu?"

"Ndinamwa mapilitsi."

"Lemba zimenezonso. Ulembe dzina lako pamwamba."

* * *

Mayi Zubeda ali ndi kaokala pakona ya msewu wathu. Amagulitsa makala a m'timapepala, parafini, tomato ndi nkhani za anthu onse, izi zomalizazi mwaulere.

"Eee, aZelipa, ine ndisaname, ndinawaona Che Ismael dzulo. Teni koloko inali isanakwane. Thumba lalikulu panjinga, gwa-gwa-gwa likulira zitsulo. Ndinati, 'Mwalawira, achimwene,' iwo, 'Ku Limbe.' Basi. Koma ine sindinati aba, mundimvetse. Ndinangouza mai a kuseriku kuti ndaona thumba, iwo nkuuza amuna awo, amuna awo nkuuza bambo Mhango. Pakamwa pa anthu a kuno, aZelipa, ndi pa wailesi."

"Thumbalo analitulutsa kuti?"

"Kwawo. Kapena... ayi, kwawo. Ine ndinaliona lili kale panjinga."

"Atapita, munamva china?"

"Kumva? Dikirani. Eya! Chapatsogolo pake, kunalira chinthu, fiiii! Ngati ketulo ya azungu ija. Kawiri. Ine nkumati ndani wagula ketulo m'dera losauka lino?"

"Che Ismael atapita kale?"

"Kalekale. Ndinali nditagulitsa kale tomato wa mulu wachitatu."

Bolopeni inkaterereka m'zala zanga. Chala changa chamkombaphala chinali chokulungidwa ndi kansalu, ndipo ndinkayesa kuchibisa pansi pa kope.

"Parafini akuyenda masiku ano?" anafunsa Mayi Zelipa, ngati akungocheza.

"Ayende bwanji magetsi akuyaka sabata yonse? Loweruka ndinagulitsa kabotolo kamodzi kokha. Kwa awa, a Jerome. Ndi makala a kapepala kamodzi. Ndinati, 'Mukufuna kuwotcha mbewa, abwana ophunzira?'" Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Lemba," anatero Mayi Zelipa.

Ndinalemba dzina langa kachiwiri m'kope la mlandu.

* * *

Zimene zinachitika ndi izi.

Mwezi wapitawo Hidaya anabwera kudzabweza tupa imene bambo ake anabwereka. Ankolo anavundukula nsalu kuti aone. Injiniyo inali yobiriwira ngati tsamba la nthochi mvula itangokata, wilo lalikulu lija lili ndi masipoko opyapyala, mkuwa ukuwala. Hidaya anaiyang'ana nthawi yaitali. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Ndi yokongola. Koma imayenda?"

Ndinati, "Imayenda. Tsiku lina ndidzakuonetsa."

Anati, "Anyamata a Fomu Folo ndi 'tsiku lina'."

Mawu amenewo anandidya masabata anayi. Ndinkaona zonse m'mutu: iye ataima pampanda, nthunzi ikukwera, ine ndikuliza wezulo, kenako nkumupatsa ndakatulo zija. Ndinati ndiyambe ndayesa ndekha. Lamulungu linali la mgonero, ankolo sakanabwera isanakwane wani koloko. Kiyi amayenda naye m'thumba la jekete, ndiye ndinamasula chitsulo cha loko, ndili ndi maganizo odzachibwezera.

Ndinathira madzi m'boyila. Ndinanyika timakala m'parafini nkuyatsa, ndikupemerera ndi katoni. Nthunzi itakwera ndinatsegula kachitsulo koyendetsera. Wilo lalikulu lija linazungulira, linazungulira, injini osasuntha, chifukwa ankolo amapaka njanji zawo oyilo kuopa dzimbiri. Ndinatsala pang'ono kulira. Kenako ndinakumbukira nkhani ya ankolo ija. Ndinathamanga kukatapa mchenga, ndinausefa ndi sefa wa kukhitchini, nkuwaza pamwamba pa njanji.

Inagwira. Inayenda.

Sindidziwa mmene ndingalembere zimenezo. Inapuma ngati chamoyo, tchu, tchu, tchu, nkuyamba kuthamanga m'mphepete mwa mpanda, ine ndikuithamangira chowerama. Ndinaibweza, ndinaiyendetsanso. Ndinaliza wezulo kawiri. Ndinaiwala Bangwe, ndinaiwala mayeso. Ndinaiwalanso chimene ankolo ananena kambirimbiri, kuti woyendetsa injini ya nthunzi diso lake limakhala pa madzi, osati pa mawilo.

Ulendo wachisanu boyila inauma. Ndinamva fungo la penti yopserera. Pamwamba pake panatuluka matuza, mtovu womatira unayamba kudontha ngati misozi, ndipo chinachake m'kati chinati phu. Poigwira ndinapsa chala. Inaima pakati pa njanji, yakuda mbali imodzi.

Ndikanatha kudikira ankolo pageti nkugwada. M'malo mwake ndinaidikira izizire, ndinaikulunga m'bulangete, ndinaiika m'bokosi langa, nkusiya chitseko cha shedi chotsegula kuti zioneke ngati kunabwera akuba. Ndinkaganiza za akuba opanda nkhope, ochokera kutali. Sindinaganize kuti munthu akabedwa amayang'ana kaye kutsidya kwa msewu.

* * *

Kwa Che Ismael tinafika dzuwa lili pamutu. Pakhonde, pamene masiku onse pamakhala mulu wa mapoto odikira kumatidwa, panali awiri okha.

"Eni ake abwera kudzatenga," anatero Che Ismael. "Obooka omwewo. Akuti akamatitsa ku Chirimba. A landilodi atumiza uthenga kuti ndikangolowa m'geti la polisi, mwezi ukatha ndisamuke, safuna mbiri panyumba pawo."

"M'thumba lija munali chiyani?"

"Mbaula zisanu ndi imodzi. Ndinakasiya kwa mayi wina wogulitsa mumsika wa Limbe."

"Dzina lake?"

"Timangoti mai a mbaula. Lolemba sabwera, amakhala kwawo ku Thyolo." Anatambasula manja awo, odzaza zipsera za malata. "Mayi, ine ndimagula mkuwa, inde. Mipopi yothyoka, mawaya a mafiriji akufa. Koma chinthu chija? Ine ndi mmisiri. Ndikalowa m'shedi muja ndimavula chipewa. Mukuganiza kuti ndingaike pamoto ntchito ya munthu ya zaka makumi awiri kuti ndimatire poto wa nyemba?"

Anatembenukira kukhoma.

"Hidaya, mwana wanga, iwe unali pakhomo dzulo?" anafunsa Mayi Zelipa.

"Ndinali ndikuchapa." Anayankhula osandiyang'ana. "Ababa anachoka isanakwane teni. Hafu teni ndikuyanika zovala ndinaona utsi kuseri kwa a Mhango. Woyera, osati wa zinyalala. Unkayenda."

"Unkayenda bwanji?"

"M'mphepete mwa mpanda. Kupita uku, kubwerera uku."

"Unauzako munthu?"

"Ayi. Ndinkaganiza kuti mwini wake anena yekha." Apa ndi pamene anatembenuka. Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana kansalu ka pachala changa. "Ndakhala ndikudikira kuyambira m'mawa."

Bolopeni inagwa. Pamene ndinkawerama kuitola, ndinalakalaka ndikanangopitirira kulowa pansi pa simenti.

* * *

Kota tu folo inatipeza pansi pa mtengo wa mapeyala, pakati pa nyumba ziwirizo. Anthu anali atayambanso kusonkhana kumsewu. Che Ismael anali atavala kale malaya oyera ndi nsapato, ngati munthu wopita kumaliro. Ankolo anali pakhonde lathu, atakhala chowongoka pampando.

"Tawerenga zimene walemba," anatero Mayi Zelipa motsitsa mawu.

Ndinawerenga. Mkuwa wosiyidwa. Masikuruwu m'chivindikiro. Wezulo kawiri. Parafini. Utsi woyenda.

"Palinso chimodzi chimene sunalembe, chifukwa sindinachinene. Panjanji paja pali mchenga wosefa. M'Bangwe muno, ndani angadziwe kuti wilo likamaterereka amathira mchenga? Amene anakhala pansi nkumvetsera bambo Mhango mpaka kumapeto. Ine lero ndakhala wachiwiri."

"Mayi..."

"Ndinadziwa pa masikuruwu paja. Ndakuyendetsa tsiku lonse kuti uone ndi maso ako zimene kukhala chete kwako kwagula. Waona mapoto aja?"

"Ndaona."

"Ine ndagwira ntchito ku khoti zaka makumi atatu. Wogwidwa ndi wovomera yekha amalowa pakhomo limodzi, koma satuluka chimodzimodzi. Kwatsala mphindi khumi. Ikakwana folo ndinena ine, chifukwa munthu uja sapita ku polisi pa mlandu wako."

Anatenga kope m'manja mwanga nkuliika m'khwapa.

Ndinalowa m'nyumba. Bokosi lija ndinalikoka pansi, likukwekwereza simenti, kudutsa pabalaza mpaka pakhonde. Ankolo anandiyang'ana modabwa.

"Ukupita kuti ndi katundu?"

"Che Ismael," ndinaitana, mawu anga akutuluka ngati a munthu wina. "Chonde tabwerani."

Anawoloka ngalande, Hidaya ali pambuyo pawo. Mayi Zelipa anatseka geti kuti a kumsewu asalowe. Ndinagwada, ndinatsegula bokosi, ndinafunyulula bulangete.

"Chiuta wane," anatero ankolo m'chinenero cha kwathu kumpoto.

"Ndine, ankolo. Palibe wakuba anabwera. Ndinamasula loko ndine. Ndinaiyatsa, madzi anatha, inapsa. Ndinaopa, ndinaibisa. M'mawa muja mukuwanena Che Ismael ine ndinali pomwepo, ndikudziwa."

Ankolo anatsika pampando pang'onopang'ono nkugwada pambali pa bokosi, mawondo awo akulira. Anapititsa chala pamatuza a penti, pamtovu wouma, pachumuni chakuda. Ndinkadikira khofi. Ndinkalifuna. Anagwira wilo lalikulu lija nkulizunguza, kenako anayang'ana pachala chawo. Panali timchenga.

"Unathira mchenga," anatero chapansipansi.

"Linkaterereka, ankolo."

"Ndiye... inayenda?"

"Inayenda. Maulendo anayi. Wachisanu ndi umene..."

"Yokha? Osaikankha?"

"Yokha."

Kwa kamphindi nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Kenako Mayi Zelipa anakhosomola.

"Bambo Mhango, pali munthu waima apa wavala nsapato za ku polisi."

Kuwala kuja kunazima. Ankolo anadzuka mogwira khoma. Sindinawaonepo aang'ono chomwecho. Anavula chipewa, anachipinda m'manja, anayesa kuyang'ana Che Ismael koma maso awo anathera pamabatani a malaya.

"Che Ismael, ndachimwa. Njoka inali m'nyumba mwanga, ine nkumakasaka kwa eni. Lowani m'nyumba tikambe ngati akulu. Mnyamatayu mawa akwera basi kubwerera kwa mayi ake. Ndikupatsani chilichonse chimene munganene. Mbuzi, ngati ndi mbuzi."

Ndinayang'ana Hidaya. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera.

"Ukanangoti siimayenda, Jerome," anatero. "Sindikanakuseka."

Zinandipweteka kuposa khofi limene sanandimenye.

Che Ismael anasendera pafupi. Anayang'ana injini ija m'bokosi, anapukusa mutu, ngati mmisiri woona ntchito yabwino itaonongeka. Kenako anayang'ana kugeti, kumene mitu ya anthu inkasuzumira pamwamba pa malata.

"M'nyumba sindilowa, bambo Mhango," anatero. "Mbuzi sindikuifuna. Mnyamatayunso musamukweze basi, akachoka anthu adzati mwamuthawitsa kuti mubise za ine. Boyilayo ndi yomatika, tidzaona tsiku lina mtima wanga ukadzatsika."

"Nanga mukufuna chiyani, achimwene? Nenani."

"Tsegulani getilo. Mukaime pamene munaima m'mawa paja, inu ndi mphwanuyu, ine ndiime kutsidya kwa ngalande. Munene kuti Ismael si wakuba. Osati monong'ona. Mukweze mawu ngati mmene munakwezera muja, a kabaza amve, a landilodi amve, amene anatenga mapoto awo amve. Ndikufuna dzina langa, bambo Mhango. Lomwelo basi."